Kupanduka, Kupatuka ndi Kutembenuka

M'Cinyanja muli mau angapo ochula munthu amene wataya njira ya anzace, ndipo akalaliki ndi omasulira a m'mabwalo amawasanganiza monga ngati ali amodzi. Sali amodzi ai, ndipo kusanganizako kwapweteka anthu.

Kupatuka ndi mau a pa ulendo. Anthu ali pa mzere, mmodzi nalowa kanjira ka kumunda. Ameneyo wapatuka, sanatukwane munthu. Kucokera pamenepo tinapanga mau akuti mpatuko, kunena mpingo wocoka mu unzace. Kupanduka nkwina: wopanduka watembenukira mwini mudzi kapena mfumu imene anali kuimvera, ndipo mauwo amanunkha nkhondo. John Chilembwe mu 1915 anapandukira Boma, pakuti anatenga zida. Koma a Citawala, amene ciphunzitso cao cinafika ku Nyasaland ndi Elliot Kamwana mu 1908, kwakukuru anali opatuka cabe. Pamene ana a Mboni za Yehova anakana kucitira mbendera sailuti m'masukulu a Zambia, ndiponso pamene Malawi analetsa mpingo wao mu 1967, anthu ambiri anawacha opanduka, ndipo dzinalo linapeputsa mitima ya owamenya. Mu 1972 zikwi za iwo zinathawira ku Sinda Misale, m'cigawo cathu comwe cino ca Kum'mawa.

Tsono taonani mau acitatu, kutembenuka. Wansembe Leonard Kamungu, amene anayamba misyoni ya Msoro pakati pa Akunda, namwalira komweko mu 1913, anabatiza anthu amene analeka kuthira nsembe kwa mizimu. M'mabuku a misyoni anthuwo alembedwa otembenuka mtima. Kodi amalume ao anawacha ciani? Kwa iwo mwana wa mlongo wao wokana nsembe ya pfuko anali wosamva, wotaya mwambo. Nchito inali imodzi, maina awiri, ndipo dzina limene linakhala ndi la iye amene anali ndi colembera. Momwemonso mau akuti cikunja anaika mwambo wa makolo kunja, cinkana unali m'kati mwa mudzi alendo asanafike. Ife ophunzira ku misyoni timawachula osaganizako.

Kuno ku Mfuwe nkhaniyi imaoneka bwino pa za nyama. Kale fundi wa njobvu anali munthu wosunga mwambo koposa onse: asanapite ku thengo anapempha mizimu, mkazi wace nadzisunga kufikira atabwera, ndipo mnyanga wogunda pansi unali wa mfumu mwini dziko. Boma litapatula dziko la nyama m'cigwa ca Luangwa mu 1938, dziko limene linasanduka South Luangwa National Park mu 1972, fundi yemweyo anayamba kuchedwa wakuba nyama. Mau amenewa ngokhota. Kuba nkutenga ca mwini, ndipo nkhalamba za kwa Nsefu, kwa Kakumbi ndi kwa Mnkhanya sizinamvepo kuti njobvu yodya mapira ao iri ndi mwini ku Lusaka. Sindinena kuti lamulolo nlacabe. Minyanga ya malonda inatha njobvu zambiri m'zaka za 1970 ndi 1980, ndipo opha ameneo sanali kupempha mzimu uli wonse. Koma kucha ndi dzina limodzi wamalonda wa mfuti ya nkhondo ndi mkulu wa gogodela woteteza munda wace nkulephera kumasulira. Woyambayo anataya mwambo ndi lamulo lomwe. Wacinayo anaswa lamulo cifukwa cogwiritsa mwambo.

Palinso kudula, kumene ena amakuika pamodzi ndi mau enawa. Mkazi wothira mcere m'ndiwo pa nthawi yosayenera amati wadula a m'nyumba, ndipo nthendayo ndi mdulo. Iyeyo sanakane mwambo. Amaukhulupirira, nauopa, koma walakwa. Akuru amamkonzera mankhwala, samthamangitsa pamudzi.