Raketi ya kutsogolo, raketi ya kumbuyo

Kumaesiteti a ku Thyolo kuli anthu amene ntchito yawo ndi kulawa tiyi. Makapu awiri amene ife tingati ndi amodzimodzi, iwo akangopsontha amadziwa amene akagulidwe bwino ku okishoni ya ku Limbe. Kusankha raketi ya badminton ya osewera awiriawiri kumafuna luso lotero, kungoti pano wolawa ndi dzanja.

Mu 2018 kampani ya Yonex ya ku Japan inatulutsa maraketi awiri, Astrox 88 S ndi Astrox 88 D. Mwa amene ankawagwiritsa ntchito munali anyamata awiri a ku Indonesia, Kevin Sanjaya Sukamuljo ndi Marcus Fernaldi Gideon, amene anapambana mpikisano wa All England mu 2017 ndi 2018. Ukaika maraketiwo pambalipambali, kusiyana kwa kutalika kwake ndi mamilimita 5 basi. Koma m'bwalo nkhani imasintha.

Kevin ankalamulira pa neti. Pamenepo kampira ka nthenga 16, kolemera pafupifupi magalamu 5, kamakupeza usanaphethire. Palibe mpata wokoka mkono; ndi zala ndi mfundo ya dzanja zimene zimagwira ntchito. Raketi yofupikirapo imatembenuka msanga, nkukagwetsera kampirako tsidya mwakachetechete, kapena kukathyola kasanatsike. Marcus ankakonda kumbuyo, kulumpha ndi kumenya mobwerezabwereza mpaka adani abweze mofooka kuti mnzake amalize. Raketi ya Marcus, yotalikirapo, imakoka mphamvu kumutu, ndipo kampira kamatsika mozondoka. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti okonzawo sanaganizire munthu mmodzi. Anaganizira ntchito ziwiri pa bwalo limodzi la mamita 6.1 m'lifupi.

Wosewera wa ku Luchenza amene wapeza maraketi awiri ofanana, kaya m'sitolo ku Blantyre kaya pa kaunjika, asayambire pa utoto. Ayang'ane polemba kulemera: 3U ndi magalamu 85 mpaka 89, 4U ndi 80 mpaka 84. Kenako agoneke ndodo yake pa chala chimodzi, aisuntheisunthe mpaka ikhazikike. Ikakhazikika chala chili chakumutu, ndi ya womenya wa kumbuyo. Aigwire mopepuka pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, aikupize mofulumira kumanja ndi kumanzere pafupi ndi chifuwa. Imene ikuchedwa kubwerera idzachedwanso pa neti.

Ambiri amathamangira yolemera kumutu, ati ndiyo ya amuna. Komatu mu 2023 Satwiksairaj Rankireddy wa ku India, katswiri wa awiriawiri, anamenya kampira pa liwiro la makilomita 565 pa ola atagwira Nanoflare 1000 Z, raketi ya m'gulu lopepuka kumutu. Ndipo awiri akamasewera amasinthana malo kosalekeza. Wa kumbuyo posachedwa apezeka pa neti. Ine ndikanatenga yofupikirapo ya 4U, ndalama yotsalayo ndikalukitsire zingwe zabwino.