Nyama za Dothi ndi Buku la Mai Richards

Pamene a Brian Fagan anakumba pa Isamu Pati, kufupi ndi Kalomo, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960, anapezapo tizifanizo ta ng'ombe toumba ndi dothi. Anzanga ena a ku nchito, anthu ophunzira ndithu, akamva zotere amati, "Si izo nanga, makolo athu anali kupembedza nyama." Mau amenewa amandiwawa, pakuti kuno ku Kasisi ana amaumbabe ng'ombe m'mbali mwa mtsinje wa Ngwerere, ndipo sindinaonepo ndi mmodzi yemwe alikuzigwadira.

Anzangawo ndiwapempha awerenge buku la mai Audrey Richards lochedwa Chisungu, losindikizidwa mu 1956. Maiwa anapenyerera cinamwali ca Abemba mu 1931. Iwo afotokoza za mbusa, ndizo zifanizo zadothi zimene nacimbusa, amene ife timati namkungwi, aonetsa namwali: mkango, ng'ona, njoka ndi zina. Ciri conse ciri ndi nyimbo yace ndi mwambo wace. Mkango ndiye mwamuna wa pa nyumba. Palibe aupempha mvula kapena kuuthirira nsembe. Nchito yace ndiyo kuphunzitsa, monga coko ndi bolodi m'sukulu. Apa maiwa anagwira nchito yotamandika, cifukwa sanathamangire kunena kuti aona mafano. Anayamba afunsa eni ace.

Koma bukuli liri ndi polemala pace. Mwambo wonse anauona kamodzi kokha, ndipo iwo eni abvomereza cimeneci. Nyimbo zitalowa m'Cingerezi zasanduka ndiwo zopanda mcere. Cacikuru kwa ife ndi cakuti za Acewa mulibemo kweni-kweni, cinkana anamkungwi a kum'mawa naonso amaumba zirengo, nsato pamodzi ndi nyama zina, nazifafaniza cinamwali cikatha. Kodi munthu angafafanize mulungu wace?

Tsono ndisanamize owerenga. Nyama yolemekezedwa inalipo. Ku kacisi wa Cisumphi ku Msinja, kumene kunali Makewana, njoka Thunga inali kuopedwa kwambiri, ndipo nkhani za mvula zinali kudzera kwa iyo. Wofuna kutsutsana nane ayambire pamenepo, ndidzamumvera. Koma Thunga ndi nkhani ya pa kacisi, zirengo ndi nkhani ya ku tsimba. Za ng'ombe za pa Isamu Pati, ine ndiganiza kuti zina anaumba ana abusa, ali kuyembekeza kuti dzuwa lipendeke akatsekere.