Nkhani yolembedwa ndi makina: yafulumira, koma yaona chiyani?

M'mwezi wa March 2014, chivomezi chitagwedeza mzinda wa Los Angeles, nyuzipepala ya Los Angeles Times idatulutsa nkhani yake patangopita mphindi zitatu. Idalembedwa ndi pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Quakebot, yomwe imatenga manambala ku bungwe loyeza zivomezi la USGS n'kuwaika m'ziganizo zokonzedweratu. Chaka chomwecho, bungwe la Associated Press lidayamba kulemba motero nkhani za phindu la makampani.

Lusoli sitikulinyoza. Ife a ku Makanjira tikudziwa kuti chenjezo la mwera likachedwa, bwato la asodzi limapita osabwerera. Makina atamasandutsa manambala a nthambi yoona zanyengo kukhala uthenga wa Chichewa ndi Chiyao usiku womwewo, tingathokoze.

Komabe kalembedwe kameneka kali ndi zilema ziwiri. Choyamba, makina safunsa kuti "mwamva kwa yani?" Mu June 2017, Quakebot yomweyo idalengeza chivomezi chachikulu pafupi ndi Santa Barbara. Chivomezicho chidachitikadi, koma m'chaka cha 1925. Uthenga wolakwika udatuluka ku USGS pamene zolemba zakale zinkakonzedwa, ndipo makina adaumeza osatafuna. Mtolankhani akadayamba waimbira foni anthu a kumeneko kuti amve ngati nyumba zagwedezeka.

Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chikutikhudza kwambiri, makina amalemba zokhazo zimene wina adawerenga n'kuzilowetsa m'kaundula. Ife tili kutali ndi boma la Mangochi. Mvula ikadula msewu, usipa wouma umene wanyowa panjira sulembedwa paliponse, chimodzimodzi mayi wodwala amene walephera kufika kuchipatala chachikulu. Pa makina, dera lopanda manambala limaoneka ngati lopanda mavuto. Nkhani yotero ikhoza kukhala yoona m'chiganizo chilichonse, koma n'kusiya owerenga ali mumdima.

Tikuti makina apatsidwe ntchito yowayenera: zanyengo, mitengo ya pamsika, zigoli za mpira. Nkhani iliyonse yotero inene poyera kuti yalembedwa ndi makina ndiponso kumene manambala achokera, ndipo pakhale mkonzi wodziwika amene angayankhe ikalakwika. Nthawi imene yapulumukayo, mtolankhani akwere galimoto, adzafike kuno kudoko, adzamve yekha zimene sizidalowe m'kaundula.