Buku la Iyengar: Kodi Mphamvu za Yoga Zicokera Kuti?

Ambiri a inu mwaonapo pa foni zithunzi za anthu opinda thupi ngati mphira, ndipo pansi pake palembedwa kuti yoga imacotsa kutopa ndi kupatsa munthu mphamvu tsiku lonse. Musanavomereze kapena kukana, tiyeni tipende buku limene linathandiza kwambiri kufalitsa yoga kunja kwa India. Dzina lake ndi Light on Yoga, ndipo analilemba ndi B.K.S. Iyengar. Linatuluka mu 1966.

Mlembiyu anali kudziwa bwino kufooka kwa thupi. Anabadwa mu 1918 m'mudzi wa Bellur kumwera kwa India, ndipo paubwana wake anadwala malungo, taifodi ndi cifuwa cacikulu. Mu 1934 mlamu wake, Krishnamacharya, anamuitana ku Mysore kuti akaphunzire yoga. Mu 1937 anapita ku Pune kumene anakhala mphunzitsi, ndipo anamwalira mu 2014 ali ndi zaka 95. Conco mau a munthu wotere siwofunika kuwapeputsa.

Cokoma m'bukuli ndi cakuti silikulonjezani zacangu. Muli makhalidwe a thupi okwana ngati 200 ndi zithunzi pafupifupi 600, ndipo kumapeto kwake kuli ndondomeko ya maphunziro ya masabata 300. Werengani bwino: zimenezo ndi zaka pafupifupi 6! Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo Iyengar akugwirizana nawo. Apa mpamene pagona mphamvu zimene anthu amachula. Inu amene mumatsotsa tsiku mutawerama pa desiki, minofu ya m'khosi ndi ya kumsana imauma, ndipo kuuma kumeneko kumatopetsa. Mukaiwongola, thupi limamasuka. Mukapuma mozama ndi mosafulumira, mtima umaleka kugunda mothamanga, nkhawa imacepa, ndipo tulo timabwera msanga. Munthu wogona bwino amadzuka ndi nyonga. Palibe zamatsenga pamenepa.

Koma bukuli liri ndi colakwa cimene sitingacibise. Kumapeto komweko kuli mndandanda wa matenda, ndipo pansi pa nthenda iliyonse pali makhalidwe a yoga amene akuti amathandiza kuicirtsa. Mwa matendawo muli shuga, mphumu ndi kucepa kwa magazi. Apa mlembi anapitirira malire. Kutopa kosatha nthawi zambiri ndi cizindikiro ca nthenda. Mtsikana amene magazi ake acepa afunika kupimidwa ku cipatala, kumwa mankhwala amene apatsidwa, ndi kudya nyemba, kapenta ndi ndiwo zamasamba. Mnyamata wofooka ndi malungo akataya masiku pa mphasa akupinda miyendo, angataye moyo wake.

Cina ndi ici: pa zithunzi zonsezo pali Iyengar mwini, munthu amene anali atacita yoga zaka zoposa 30. Inde, analemba macenjezo, koma maso a wacinyamata amathamangira cithunzi, osati mau ang'onoang'ono. Kuima ndi mutu popanda wokuphunzitsani kungavulaze khosi, ndipo sikoyenera kwa munthu wa nthenda yothamanga magazi.

Nanga Mkristu anene ciani? Bukuli silibisa kuti yoga inaphuka m'cipembedzo ca Cihindu. Limalankhula za prana, ndiko kuti mpweya wa moyo umene Ahindu amakhulupirira kuti umayenda m'thupi ndi m'cilengedwe conse. Tiyamike mlembi cifukwa sanatinamize, komabe cikhulupiriro cathu ndi cina. Mu 1989 Mpingo wa Katolika unatulutsa kalata yonena za kusinkhasinkha kwa Cikristu, yosainidwa ndi Kadinala Joseph Ratzinger, amene anakhala Papa Benedict XVI mu 2005. Kalatayo siinaletse kusamalira thupi, koma inacenjeza kuti bata limene munthu amamva atacita maseŵera ena a thupi asaliyese citonthozo ca Mzimu Woyera. Thupi lomasuka lingakuthandizeni kugwada bwino, koma kumasukako si pemphero.

Tsono ciweruzo cathu ndi cotere. Ngati bukuli lafika m'manja mwanu, tengani phunziro lake la kudekha ndi kusadumpha masiku. Yambani ndi zosavuta, mphindi zocepa m'mawa, ndipo mukamva kuwawa lekani. Mndandanda wa matenda uja musautsate. Nkhani ya matenda ipite kwa adokotala. Ndipo ngati papita masabata angapo mukugona mokwanira, mukudya, koma kutopa sikucoka, pindani mphasa yanu, uzani makolo, mupite kukapimitsa magazi. Thupi lanu ndi mphatso ya Mulungu, ndipo woisamala woyamba ndinu.