Zitseko za ku Zanzibar ndi Dzenje la Akapolo

Nditapita kutchuthi ku Zanzibar, wotiperekeza anayamba kutionetsa zitseko. Kunena zoona, zitseko za mu Stone Town, zogobedwa maluwa ndi kukhomedwa zitsulo zamkuwa, n'zokongola. Koma mtima wanga sunakhazikike, pakuti chuma chimene chinamanga zina mwa nyumbazi chinachokera ku minyanga ndi akapolo, ena mwa iwo otengedwa ku Nkhotakota kwa Jumbe, kudzera ku Kilwa.

Tchalitchi cha Anglican cha Christ Church, chimene anayamba kumanga mu 1873 pamene panali msika wa akapolo, sichinandifike pamtima. Nsanja yake ndi makoma ake aatali zimakokera maso kumwamba, mlendo n'kuiwala nthaka imene waponda.

Chinandigwira mtima chili panja: ziboliboli zisanu zimene Clara Sörnäs anapanga mu 1998, zoima m'dzenje, unyolo uli m'khosi. Sungazione osaweramitsa mutu. Kwa ine, mmisiri ameneyu ndiye anawamvetsa malowo kuposa omanga tchalitchi.

Anzanga anabwerera kukajambula zitseko. Ine ndinatsala padzenjepo, ndikudzifunsa ngati mmodzi mwa asanuwo sanali wa kwathu kunyanja.