Mbona wa ku Khulubvi, Khosi Lokana Chitsulo

Mbona! Mwini mvula, mwini Khulubvi! Mkango wa kwa Malemia wobangulira m'mitambo. Nsato yakuda yozinga chigwa cha Shire. Phiri la Malawi limakuweramirani, dambo la Ndindi limanjenjemera likamva dzina lanu.

Ndinu munavina mvula nigwa. Ndinu munavina pabwalo pomwe amalume anu a Mlauli anautsa fumbi lokhalokha. Ndinu mphambe yoyankha msanga, ndinu chiphaliwali chong'amba chilala pakati. Mlandu wanu unali umodzi basi: mitambo inakumverani anthu akuona.

Choipa chinadzuka tsiku lomwelo. Choipa chilibe mudzi, chimagona pakhonde pa kaduka. Choipa chilibe munda, chimakolola m'minda ya eni. Choipa chilibe dzina, n'chifukwa chake chinaba lanu n'kulipaka matope: ati mfiti, ati womanga mvula. Fisi ameneyu dzuwa amaliopa. Amayamba watuma bodza kuti likamuyalire mdima.

Adani anakuthamangitsani, inu mwera wosagwirika. Anakulondolani mapazi, mapazi amene miyala inasunga. Anakupezani ku Ndione. Mikondo inakhota. Mipeni inabuntha. Nkhwangwa zinachita manyazi. Chitsulo chonse cha ankhondo chinagonja pa khosi la munthu mmodzi wonena zoona.

Apa ng'oma ilire mwakachetechete, ana a Amang'anja amve. Choipa chinasowa chochita. Choipa chinaima kakasi, thukuta lili kamukamu, kufikira mwini wake munatsegula pakamwa n'kuuza adaniwo kuti tsamba la bango ndilo lingakuduleni khosi. Ha, umphawi wake! Ngakhale imfa yanu chinachita kubwereka kwa inu. Chikadapanda kumva zoona za m'kamwa mwanu, bwenzi chikali chiimire ku Ndione mpaka lero, mpeni wobuntha uli m'manja.

Mutu unadulidwa, magazi nasanduka mtsinje. Mutu unaikidwa m'nkhalango ya Khulubvi, nkhalango nikhala likulu. Anakudulani aja ndani akuwatchula? Inu muli ndi kachisi. Inu muli ndi Salima, mkazi wa mzimu. Inu muli ndi a Malemia ndi a Ngabu osunga khomo, ndipo a Lundu a ku Mbewe ya Mitengo sakuiwalani. Nsalu yakuda imabwera kwa inu, m'manja mumaombedwa kwa inu. Ndi wansembe yemwe wa ku Holland, Matthew Schoffeleers, anakhala pansi namvetsera, buku la magazi anu nilituluka mu 1992.

Mbona, mtsinje wosaphwa! Mbona, njovu yogwa nidzukanso bingu! Mbona, mboni yosagulika! Tinalira ndi madzi osefukira a 2015, tinaliranso ndi namondwe Freddy mu 2023. Tipatseni mvula yoleza, ya mapira ndi mpunga. Ndipo mboni yonama ikaima pabwalo la kwa Malemia, iumitseni lilime, Ambuye!