Anayi Kumbuyo, Anayi Kutsogolo

Juni ndi Julayi ku mapiri a Angónia ndi miyezi ya chisanu chobaya m'mafupa. Kuchokera ku Ulónguè mpaka kunsi kwa phiri la Dómuè, zitseko zimatsekedwa dzuwa likangolowa, ana n'kuunjikana pamphasa imodzi pafupi ndi moto. Chimfine chikalowa nyumba imodzi, sabata isanathe chakwana mudzi. Nthawi imeneyi amene ndimamusirira ndi APE, wazaumoyo wa m'mudzi. Ntchito yakeyi boma la Mozambique linaiyambitsa mu 1978 n'kudzaitsitsimutsa mu 2010. Alibe labotale. Ali ndi chikwama cha mankhwala, wotchi, kabuku, ndi pakamwa podziwa kufunsa.

Tamverani mafunsidwe ake. "Mayi, thupi la mwanayu linayamba liti kutentha?" Mayi ayankha kuti ndi dzanadzanali. Iye salemba kanthu, chifukwa dzanadzana la kwathu kuno limatha kukhala masiku awiri kapena sabata yathunthu. Amazungulira njira ina. "Tsiku la msika lija anali akusewera? Nanga kumaliro kuja munapita naye kumsana? Ku Misa anakhala pafupi ndi ana a ndani?" Pang'onopang'ono tsiku lenileni limatulukira, ndipo m'pamene cholembera chimatsika pakabuku.

Tsiku limenelo ndi limene likunyamula zonse. Wodwala fuluwenza amayamba kupatsira anzake kutatsala tsiku limodzi kuti adzimve kudwala, n'kupitiriza kwa masiku 5 mpaka 7, ndipo masiku atatu oyambirira ndi amene amawopsa kwambiri. Ana aang'ono amatha kupyola pamenepo. Chikuku ndiye n'chochenjera kuposa apa. Mwana amachimwaza masiku 4 zidzolo zisanatuluke ndi masiku 4 zitatuluka. Pamene tizilonda tofiira tikuoneka kuseri kwa makutu, n'kuti theka la ntchito yoipayo litachitika kale, anthu onse akuyesa chimfine wamba. Kachilomboka kamatha kutsala mumpweya wa m'chipinda kwa maola awiri wodwala atatulukamo, ndipo mwa ana 10 osabayidwa katemera amene akhala naye pafupi, 9 amachitenga.

N'chifukwa chake APE wodziwa ntchito akaona maso ofiira, mamina ndi chifuwa chouma, amamukhazika mwana pamiyendo ya mayi ake, n'kuyatsa tochi ya foni. Amakoka tsaya pang'ono ndi kuunika mkati, moyang'anizana ndi mano a chibwano. Akufuna timadontho toyera ngati timchere tomwazika pansalu yofiira, timene dokotala Henry Koplik anatifotokoza mu 1896. Timabwera zidzolo zisanafike ndipo sitikhalitsa. Akationa, atumiza mwana kuchipatala kuti akapimidwe magazi ndi kulandira vitamini A, koma asananyamuke awerenga kaye chammbuyo: ndani anagona naye, ndani anadya naye mbale imodzi, khadi la katemera la ndani lilibe chidindo cha miyezi 9 kapena cha miyezi 18.

Luso limeneli n'lakale. Mu 1846 dokotala wachinyamata wa ku Denmark, Peter Panum, anayenda mudzi ndi mudzi pazilumba za Faroe akufunsa mafunso a mtundu womwewu, mpaka anapeza kuti kuchokera pokumana ndi wodwala chikuku kufika potuluka zidzolo pamapita masiku pafupifupi 14. Iyetu anali ndi mwayi, chifukwa pachilumba mlendo amafika ndi boti ndipo aliyense amakumbukira tsiku lake. Ku Angónia kulibe zimenezo. Malire a Calómuè ndi Dedza ndi njira yopita kwa amalume, ndipo pamsika wa Lizulu kabichi ndi mbatata ya kachewere zimagulitsidwa pamsewu umene mbali ina ndi Malawi, ina ndi Mozambique. Mu 2010 chikuku chinagwira anthu oposa 100,000 m'Malawi muja, ndipo kachilombo sikafunsidwa pasipoti.

Koma kumene ndimamugomera kwambiri APE ndi pomasula. Kutsekera mwana m'nyumba aliyense angathe. Agogo athu ankadziwa kale kubindikiritsa wa chikuku. Chovuta n'kudziwa tsiku lotsegula chitseko. Chifuwa chimatha kutsalira milungu iwiri kapena itatu kachilombo katatha mphamvu, ndiye mwana n'kumangojomba kusukulu popanda chifukwa. APE ayang'ana kabuku kake n'kunena mwaulemu: "Agogo, masiku akwana. Chifuwachi n'chotsalira chabe, musiyeni akasewere ndi anzake."

Sanena zimenezi asanatulutse wotchi. Amakweza malaya a mwana, n'kudikira kuti asiye kulira, kenaka amawerenga mpweya kwa mphindi yathunthu. Kupuma ka 50 kapena kupyola kwa khanda la miyezi 2 mpaka 11, kapena ka 40 kwa mwana wa chaka chimodzi wosafika zaka 5, ndiye kuti chibayo chalowa, ndipo nkhani yasintha: pakufunika amoxicillin lero lomwe. Akamva bambo a mwanayo akutsokomola pakhonde, amatembenuka n'kufunsanso kuti anayamba liti. Zikapyola milungu iwiri, amawalembera kalata yokayezetsa makhololo.